Mmene Maiko a ku Ulaya Anafananitsira Maphunziro a Unamwino

Kale namwino wophunzira ku Italy akasamukira ku France ankapeza kuti satifiketi yake ilibe mphamvu kumeneko, popeza dziko lililonse linkaphunzitsa anamwino mwa njira yakeyake. Ntchito yothetsa vutoli inatenga zaka zoposa makumi atatu, ndipo ife Amalawi tingatolepo nzeru.

M'chaka cha 1977, maiko a m'bungwe la EEC, lomwe lero ndi European Union, anakhazikitsa lamulo loti namwino aziphunzira zaka zitatu kapena maola 4,600. Wokwanitsa zimenezi ankaloledwa kugwira ntchito m'dziko lililonse la m'bungweli osalembanso mayeso. Lamulo la mu 2005 linasunga maolawo, ndipo linatsindika kuti theka la nthawiyo kapena kuposerapo wophunzira azikhala akuthandiza odwala.

Komatu maola okha sanathetse nkhani. Ku Spain unamwino unalowa m'sukulu za ukachenjede mu 1977, pomwe ku Germany anamwino ambiri ankaphunzirabe m'sukulu zoyendetsedwa ndi zipatala. Anamwino awiri amatha kuphunzira maola ofanana, koma wina n'kutuluka ndi pepala la ku yunivesite lomutsegulira njira ya maphunziro apamwamba, mnzake ayi.

Pa 19 June 1999, nduna za maphunziro za maiko 29 zinasainirana mgwirizano mumzinda wa Bologna ku Italy. Zinagwirizana kuti madigiri aikidwe pa makwerero ofanana, kuyambira digiri yoyamba kenako ya masitazi, komanso kuti pakhale muyeso umodzi wowerengera zimene wophunzira wamaliza. Ngakhale mgwirizanowu sunali wa anamwino okha, unapereka mpata woti maphunziro awo akwezedwe. Aphunzitsi a unamwino a m'maiko osiyanasiyana, kudzera m'ntchito yotchedwa Tuning, anakhala pansi n'kulemba maluso amene namwino aliyense ayenera kukhala nawo pomaliza sukulu. Pofika mu 2013, ku England aliyense woyamba maphunziro a unamwino anayenera kuphunzira za digiri. Germany inatsegula mwalamulo njira ya digiri mu 2020, koma sinatseke sukulu zake zakale.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mapepala atayamba kulandiridwa paliponse, malipiro anakhalabe osiyana. Romania italowa m'bungweli mu 2007, anamwino ake ambiri anapita ku Italy, Germany ndi Britain. Chuma chitasokonekera mu 2008, a ku Spain ndi Portugal nawonso anatsatira. Dziko losauka linkalipira maphunziro, odwala a m'dziko lolemera n'kumapindula.

Zoterezi sizachilendo kwathu kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ambiri anapita ku Britain, ndipo m'zipatala munatsala anthu ochepa osamalira odwala. Boma ndi maiko otithandiza anachita kuwonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti mu 2005 pofuna kusunga otsalawo.

Kufananitsa maphunziro n'kwabwino chifukwa wodwala amadziwa kuti womubaya jakisoni anaphunzira mokwanira. Koma maiko a kuno ku Africa akamakambirana zofananitsa maphunziro a anamwino awo, akambiranenso za malipiro, nyumba ndi zipangizo zogwirira ntchito. Akapanda kutero, adzakhala akuphunzitsira anzawo.