Anthu Amene Ankayeza Kuphonya kwa Decca

Usiku wa pa 5 June 1944, pamene sitima zochotsa mabomba a m'madzi zinkalambulira njira ankhondo opita ku Normandy, zina mwa izo zinanyamula chipangizo chachilendo chimene William O'Brien wa ku America anatulukira, ndipo kampani ya Decca ya ku London, yodziwika ndi malekodi a nyimbo, inachilera kufikira chitakhwima. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mu 1946, amalinyero wamba anayamba kuchigwiritsa ntchito. Pamtunda pankakhala siteshoni yaikulu ya wailesi ndi zazing'ono zitatu, zotchedwa yofiira, yobiriwira ndi yapepo. Woyendetsa sitima ankawerenga manambala pa mawotchi atatu, napeza pamapu pamene mizere yamitundu ya masiteshoniwo ikupingasana, nadziwa pamene ali ngakhale nkhungu itaphimba gombe.

Komatu mizereyo inajambulidwa ngati kuti mafunde a wailesi amathamanga liwiro limodzi ponseponse, pamene zoona zake n'zakuti akamadutsa pamtunda, makamaka pouma ndi pamiyala, amachedwa kusiyana ndi pamadzi amchere. Motero pafupi ndi gombe, pomwe pali matanthwe obisika ndi mchenga wosaya, pomwe munthu amafunitsitsa choonadi, m'pamene chipangizocho chinkaphonya kwambiri. Apa ndi pamene panabadwa ntchito imene ine ndimailemekeza koposa zonse m'mbiriyi. Akatswiri oyeza nyanja ankapita ndi sitima pamalo oonekera nsanja zowunikira ndi zizindikiro zina za pamtunda, nayeza malowo ndi chipangizo chotchedwa sextant, nayerekeza ndi zimene mawotchi a Decca akunena, nalemba kusiyanako. Ndipo popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, ankabwereza malo ndi malo, kufikira kampaniyo itasindikiza mapepala ouza woyendetsa sitima kuti pakutipakuti awonjezere kapena achotse mwakuti.

Panalinso kuphonya kwina kosagwirika. Usiku, makamaka m'nyengo yachisanu, mafunde obwerera kuchokera kuthambo ankasokonezana ndi oyenda pansi, ndipo chimene akatswiri akanatha n'kungochenjeza kuti kutali ndi masiteshoni manambala asakhulupiriridwe kotheratu. Sanabise chofooka cha chipangizo chawo.

Asodzi a ku North Sea anazindikira nzeru yawoyawo. Kuphonya kochokera kumtunda sikunkasintha, choncho amene analemba m'kabuku manambala a malo pamene khoka lake linakodwa pa sitima yomira, kapena pamene anapha nsomba zambiri, ankabwererapo ndendende chaka chamawa, mapu alakwe asalakwe. Timabuku totere tinali chuma chosaonetsa mnzako.

Masiteshoni a Decca a ku Britain anatsekedwa pa 31 March 2000, GPS itatenga malo, ndipo asodzi anakhala pansi kusandutsa manambala akale aja kukhala madigiri, malo amodziamodzi.