Za Othawa ndi Nyumba za Mpingo

Abale okhala kunsi kwa phiri la Zomba, tiyeni tikumbukire za makedzana, pakuti nthaka tilimayi inapondedwa ndi mapazi a anthu othawa, ndipo mpingo unayesedwa pa iwo.

M'mwezi wa July 1861 David Livingstone ndi Bishopo Charles Mackenzie anakomana ndi ulendo wa akapolo pa mudzi wa Mbame. Anadula magoli, namasula anthu 84. Koma womasulidwa afuna pogona ndi cakudya, ndipo kwao kunali kutali. Cifukwa cace Bishopo anapempha malo kwa mfumu Chigunda pa Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, namanga nyumba, nasunga akazi ndi ana amasiye. Ici cinali cokoma ndithu.

Koma posacedwa Amang'anja anamdandaulira kuti awathandize pa nkhondo yao ndi Ayao, ndipo m'mwezi wa August anatuluka ndi mfuti, natentha misasa. Sanazindikire msanga kuti Ayao ambiri analinso othawa, opitikitsidwa kwao ndi adani ena. Potero wocereza alendo anasanduka mdani wa alendo anzao. Mackenzie anafa ndi malungo pa 31 January 1862 pa mathiriro a Ruo. Njala yaikuru inagwa m'dziko, ndipo mu 1864 Mishoni inasamukira ku Zanzibar. Horace Waller anakana kutaya otsalawo, napita nao ena ku Cape Town.

Mishoni ya Blantyre, yoyamba mu 1876, inalandiranso akapolo othawa kwa ambuye ao, ndipo mu 1879 John Buchanan anamanga pa Mulunguzi kuno ku Zomba. Pamenepo panauka bvuto lina. Anthu atacuruka, amishoni anadziyesa mafumu, naweruza mirandu, nakwapula olakwa ndi cikoti, ndipo munthu wina anafa nako kukwapulako. Mbiri itamveka ku Scotland, Duff MacDonald ndi Buchanan anacotsedwa nchito mu 1881. David Clement Scott, wolowa m'malo, anayenda njira yina: anapita kwa Chikuse, mfumu ya Angoni, kukapalana naye ubwenzi, ndipo Angoni ataoloka Shire mu 1884, anthu ambiri anathawira ku Mishoni, napulumuka.

Patapita zaka zana, nkhondo ya ku Mozambique inabweretsa kuno anthu oposa miliyoni imodzi, makamaka kuyambira mu 1986. Ambiri asanalembedwe m'misasa, anayamba alandiridwa ndi eni midzi, amene anawapatsa khonde, lichero la ufa ndi kamunda. Mtendere utapangidwa mu 1992, anabwerera kwao. Ndipo mu 1994 Boma linatsegula Dzaleka ku Dowa, kumene kunali ndende kale, kuti kukhale othawa a ku Rwanda, Burundi ndi Congo.

Tiphunzirepo ciani tsono? Kutsegula citseko ndiko kuyamba cabe. Wosunga mlendo ayenera kuwerengera nkhokwe yace, asalowe m'ndeu imene saidziwa ciyambi cace, ndipo asayese kuti popatsa munthu denga wagula ufulu wace. Makolo athu ambiri, Ayao, Alomwe ndi Angoni, anafika kuno ndi mtolo pamutu, ndipo wina anawalozera pomanga. Mlendo akaima pa khomo la chalichi cathu, tikumbukire zimenezo, akulu a mpingo napangane bwino za pogona pace dzuwa lisanalowe.