Za Cisankho ca ku Nigeria ndi Nkhondo ya Biafra

Pa bwalo la mfumu kwathu kuno mlandu sutha ndi kuwerenga manja. Akulu amakamba kufikira dzuwa litapendeka, kuti onse acoke ali ndi pogwira. Mwambo wa Angerezi ndi wina: anthu aponya voti, ocuruka nalamulira, ocepa nadikira cisankho cina. Mwambowu uli wokoma pokhapo pamene wogonja lero akhoza kupambana mawa. Tsono tiyeni tione umo unayendera utafika ku Nigeria.

Bwanamkubwa Lugard ndiye analumikiza kumpoto ndi kumwera kwa dzikolo m'caka ca 1914. Pambuyo pace linagawidwa zigawo zitatu, ndipo m'cigawo ciri conse munali mtundu waukuru: Ahausa ndi Afulani kumpoto, Ayoruba kumadzulo, Aigbo kum'mawa. Zipani zitabadwa, ciri conse cinamera mizu kwao: ca Ahmadu Bello kumpoto, ca Awolowo kumadzulo, ca Azikiwe makamaka kum'mawa.

Apa ndipo panagona bvuto. Pa cisankho ca 1959 Nyumba ya Malamulo inali ndi mipando 312, ndipo 174 inali ya kumpoto kokha, popeza mipando inatsata kucuruka kwa anthu. Munthu akamasankha potsata kwao, cisankho cisanduka kalembera cabe. Wopambana adziwika voti isanaponyedwe. Nanga wa kum'mawa adzadikira ciani? Ncifukwa cace dziko litalandira ufulu mu 1960, mkangano woopsa unabuka pa kuwerenga anthu. Kalembera wa 1962 anamtaya, nabwereza mu 1963, koma akum'mawa anakana wacewiriyonso.

Zotsatira zinadza msanga. Mu January 1966 asilikari anapha Nduna Yaikuru Tafawa Balewa ndi Ahmadu Bello. Mu July asilikari akumpoto anabwezera. Aigbo zikwi zambiri okhala kumpoto anaphedwa, otsala nathawira kwao. Pa 30 May 1967 Ojukwu analengeza kuti kum'mawa kwapatuka, ndi dziko la Biafra. Zambia ndi Tanzania anabvomereza dzikolo mu 1968, koma maiko ambiri anakana. Nkhondo inatha mu January 1970, itatenga miyoyo yosacepera miliyoni imodzi. Ndipo cotiwawa mtima ncakuti ambiri anali ana, amene anafa ndi njala.

Ife sitinena kuti voti ndiyo inapha anthuwo, iai. Panalinso mkangano wa mafuta opezeka kum'mawa, ndi mfuti za asilikari. Koma amene anadza nao mwambowu anaumanga pa zigawo zosalingana, cimodzi cocuruka kuposa zinzace pamodzi.

Eni dziko anaona cilemaco nakonza okha. Gowon anaphwanya zigawo zija mu 1967 nazisandutsa 12. Lero ziripo 36. Ndipo malamulo a 1979 anati wofuna kukhala pulezidenti asangopeza mavoti ocuruka, koma apezenso voti imodzi mwa anai ali onse m'zigawo ziwiri mwa zitatu ziri zonse za dziko, kuti akapemphe ngakhale kwa anthu osalankhula cinenero cace.