Mayina a nyongolotsi za mu mchenga wa pansi pa nyanja

Udzu wa m'nyanja zamchere si ndere ayi. Uli ndi mizu, maluwa ndi mbewu, ndipo mu mchenga umene mizuyo yagwira mumakhala nyongolotsi zing'onozing'ono zosawerengeka. Zamoyo zokhala mkati mwa mchenga kapena matope akatswiri amazitcha infauna, pomwe zokwawa pamwamba ndi epifauna. Kukula kwake amayeza ndi sefa. Zotsalira pa sefa ya mabowo a milimita imodzi ndi macrofauna. Zodutsa apo n'kukatsalira pa sefa ya timabowo tosaoneka bwino ndi maso ndi meiofauna, zimene Molly Mare anayamba kuzitcha meiobenthos mu 1942.

Magulu awiri a nyongolotsi odziwika kwambiri anatchedwa potengera tiubweya tolimba ta m'mbali mwa thupi. Polychaeta ndi za tiubweya tambiri, Oligochaeta ndi za tochepa. Nyongolotsi ya m'dimba imene asodzi amakola pa mbedza ili m'gulu lachiwirili.

M'gulu lomweli muli Olavius algarvensis, imene inalembedwa koyamba mu 1998 itapezeka ku gombe la Algarve ku Portugal. Kafukufuku wake wambiri wachitikira pa chilumba cha Elba ku Italy, mu mchenga woyandikana ndi udzu wa Posidonia oceanica. Ndi yoyera, yopyapyala ngati ulusi, yotalika pafupifupi masentimita awiri. Chodabwitsa n'chakuti ilibe kamwa, ilibe matumbo. Imadyetsedwa ndi mabakiteriya okhala pansi pa khungu lake, ndipo kudalirana kotereku kwa zamoyo ziwiri zosiyana ndiko symbiosis.

Mabakiteriyawa sadalira dzuwa monga zimachitira zomera pa photosynthesis. Amapanga chakudya ndi mphamvu yochokera m'makemikolo, njira yotchedwa chemosynthesis. Mu 2001 Nicole Dubilier ndi anzake anasonyeza kuti mabakiteriya ena m'thupimo amapanga sulfide, mpweya uja wonunkha ngati dzira lovunda, ndipo anzawo amaugwiritsa ntchito n'kubweza sulfate kwa oyambawo. Kuyera kwa nyongolotsiyi kumabwera makamaka ndi timibulu ta sulufule tosungidwa m'mabakiteriyamo. Udindo wa nyongolotsiyo n'kumakwera ndi kutsika mu mchenga, pakati pa pamwamba pamene pali okosijeni ndi pansi pamene palibe. Udzu nawo uli ndi gawo: zotsalira zake zakufa zikamawola zimatulutsa carbon monoxide, mpweya wakupha kwa anthu, umene ena mwa mabakiteriyawa amatengamo mphamvu.