Barele ndi Feteleza m'Minda Youma ya ku Syria

Nkhani yathu ikutitengera kumpoto kwa dziko la Syria, ku zigwa zozungulira mzinda wakale wa Aleppo. Kumeneko kumalimidwa barele, mbeu yofanana ndi tirigu, imene ambiri a ife tinayamba kuimva m'Buku Lopatulika. Anthu a chigawo chimenechi anayamba kuilima zaka pafupifupi 10,000 zapitazo.

Dzinja la kumeneko ndi lachisanu. Mlimi amafesa mu Novembala kapena Disembala, nakolola cha mu Meyi. Minda ya mvula yokwanira imapatsidwa kwa tirigu, ndipo barele amakankhidwira kumene kumagwa mamilimita 200 mpaka 350 okha pachaka. Mbeu yake pamodzi ndi mapesi ndicho chakudya cha nkhosa.

Feteleza wa nayitirojeni ndi mlendo wadzulodzulo m'mbiri yaitali chotere. Fritz Haber wa ku Germany anapeza njira yotengera nayitirojeni mumpweya mu 1909, ndipo fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau mu 1913. Koma zaka makumi ambiri zinapita alimi a barele a kouma asakumufuna. Iwo ankati feteleza amaotcha mbeu, ndipo sankanama. Nayitirojeni akachuluka, barele amabiriwira msanga, masamba ake namwa chinyontho chonse cha m'nthaka. Tsono ikafika nthawi yoti ngala zikhwime, madzi atha, maso a mbeu amangofwapa. Amene anathirapo feteleza m'chimanga, ng'amba n'kutsatira, akudziwa kupweteka kwake.

Mu 1977 kunakhazikitsidwa bungwe la kafukufuku wa ulimi wa m'madera ouma lotchedwa ICARDA, ndipo munda wake waukulu unali ku Tel Hadya, kummwera kwa Aleppo. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri ake anafunsa funso looneka lachibwana: kodi mvula imene yagwa m'munda imapita kuti? Poyeza ku Breda, malo ouma koposa Tel Hadya, anapeza kuti gawo lalikulu la madziwo silinkadutsa m'mbeu ayi, koma linkangouluka panthaka yapambalambanda. Barele wosowa chakudya amakula monyowa, nasiya dothi pamtetete. Koma atapatsidwa fosifeti ndi nayitirojeni wochepa, ankaphuka mphukira zambiri chisanu chidakalipo, nthawi imene mbeu simwa madzi ochuluka, naphimba nthaka ndi mthunzi wake. Mvula inali yomweyo, koma zokolola zinkakwera.

Apa, m'kuona kwanga, alimi ndi akatswiri onse anali ndi mbali yao ya choonadi. Chimene chinkasowa ndi muyeso. N'chifukwa chake kunalimbikitsidwa kugawa nayitirojeni pawiri: pang'ono pofesa, wotsalayo pobereka, mlimi ataona mmene mvula ya chaka chimenecho ikuyendera. Ikakhala yonjenjemera, thumba lachiwiri likhale m'nyumba.

Nzeru imeneyi inali ndi malire ake. Dzinja la 2007 mpaka 2008 linabwera ndi chilala choopsa, barele wa m'minda yambiri osafika n'potulutsa ngala pomwe. Mu 2008 boma la Syria linakweza kwambiri mtengo wa dizilo, ndipo mu 2009 linachotsa thandizo lake pa mtengo wa feteleza. Mabanja ochuluka anagulitsa nkhosa zao nasamukira m'mizinda. Nkhondo inabuka mu 2011, ndipo mu 2012 likulu la ICARDA linachoka ku Aleppo kupita ku Lebanon. Mu 2015 bungweli linakatenga mbeu zake, za barele zili pomwepo, zimene linasungitsa m'nkhokwe ya pansi pa phiri lozizira ku Svalbard, m'dziko la Norway, kuti likazifesenso ku Lebanon ndi ku Morocco.