Malumo akale opinda: chimene chimakweza mtengo wake

Lumo lopinda ndi mpeni wometera ndevu umene chitsulo chake chimapindikira m'chigwiriro monga mpeni wam'thumba. Likabuntha silitayidwa ngati lezala. Limanoledwa pamwala, kenako n'kulisalaza pa lamba wachikopa, ndipo losamalidwa bwino limatha kumeta bambo, mwana ndi mdzukulu. Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu amene amasonkhanitsa malumo akalewa monga momwe ena amasonkhanitsira masitampu. Ambiri mwa malumowa amagulidwa pa madola makumi ochepa chabe, ndipo ndi owerengeka amene amafika madola mazana angapo kapena kupitirira apo. Kukalamba kokha sikukweza mtengo. Ogula amayang'ana amene analisula, kusowa kwake, mmene lasungidwira, ndiponso munthu amene ankametera.

Mmene anafikira ku Zomba

Mzinda wa Zomba unali likulu la dziko lino kuyambira m'chaka cha 1891 mpaka 1975, pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Zaka zoyambirira za nthawi imeneyo ndi zomwenso lumo lopinda linali chida cha mwamuna aliyense wa ku Britain. Akuluakulu a boma la atsamunda, makalaliki, madokotala ndi atsogoleri a asilikali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, ankabwera ndi malumo awo m'katundu. Kwa asilikali kumeta linali lamulo. Mpaka m'chaka cha 1916 malamulo a gulu lankhondo la Britain ankalamula kuti chibwano chimetedwe koma ndevu za mlomo wam'mwamba zisiyidwe, n'chifukwa chake zithunzi za akuluakulu a asilikali a nthawiyo zimafanana nkhope.

Katundu wotere sankabwerera yense kwawo. Mzungu akamachoka, zinthu zing'onozing'ono zinkagulitsidwa kapena kupatsidwa kwa khukhi, wantchito wam'nyumba kapena msilikali amene ankamutumikira. Choncho m'mabanja a ku Zomba amene agogo awo anagwirapo ntchito m'nyumba za m'mphepete mwa phiri, ku Gymkhana Club kapena ku Cobbe Barracks, si zodabwitsa kupeza lumo lotere m'bokosi lachitsulo, pamodzi ndi mamendulo ndi makalata akale.

Dzina la pachitsulo

Wosonkhanitsa amayamba wawerenga zolembedwa pakhosi pa lumo, pafupi ndi pamene chitsulo chimalumikizana ndi chigwiriro. Mzinda umene dzina lake limapezeka kwambiri pamenepo ndi Sheffield, ku England. Kumeneko, m'zaka za m'ma 1740, Benjamin Huntsman, yemwe ntchito yake inali yokonza mawotchi, anapeza njira yosungunulira chitsulo m'mbiya zadothi kuti chituluke chofanana paliponse, chopanda zitsotso. Chitsulo chimenechi chinkanoleka bwino ndi kusunga kuthwa kwa nthawi yaitali, ndipo chinapangitsa Sheffield kutsogola pa malumo kwa zaka zoposa 100.

Fakitale iliyonse inali ndi chizindikiro chake. Joseph Rodgers & Sons inkadinda nyenyezi ndi mtanda, George Wostenholm ankadinda I*XL kapena chithunzi cha kaliwo, pamene Wade & Butcher inatchuka ndi malumo akuluakulu, olemera, amene ambiri anagulitsidwa kwa ometa a ku America. Pambuyo pake mzinda wa Solingen ku Germany unatchuka ndi malumo opepuka, osemedwa mkati mpaka chitsulo kupyapyala, moti limalira likamadula ndevu. Ku France kuli Thiers-Issard, ku Sweden kunali C.V. Heljestrand wa mu Eskilstuna, ndipo ku Spain kunali Filarmonica, amene malumo ake amafunidwa kwambiri chifukwa fakitale yake inatsekedwa kale.

Zolembazi zimathandizanso kudziwa zaka. Lamulo la misonkho la ku America la mu 1890 linalamula kuti katundu yense wolowa m'dzikolo alembedwe dziko lochokera. Lumo lolembedwa Sheffield yekha, popanda mawu akuti England, kawirikawiri ndi lakale kuposa 1891. Zilembo WR pamodzi ndi chisoti chaufumu zimaloza ku ulamuliro wa William IV, kuyambira 1830 mpaka 1837, ndipo VR ndi Mfumukazi Victoria, yemwe analamulira mpaka 1901. Apa mwini lumo wa ku Zomba ayenera kudekha mtima. Popeza atsamunda ambiri anafika 1891 itadutsa, malumo awo ambiri ndi a nthawi imene mafakitale ankasula miyandamiyanda, ndipo otero ndi ochuluka pamsika.

Kusowa ndi kusungika

Chimene chinathetsa lumo lopinda ndi lezala. King Camp Gillette analandira chiphaso cha umwini wa luso lake mu 1904, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a America anapatsidwa zometera zake mamiliyoni. Anyamatawo atabwerera kwawo sanafunenso za kunola. Mafakitale a malumo anatsekedwa imodziimodzi, ndipo malumo ochuluka anatayidwa kapena kudyedwa ndi dzimbiri. Chidwi chinadzukanso m'zaka za intaneti, ndipo ogulitsa ena ananena kuti malonda anakwera filimu ya James Bond yotchedwa Skyfall itatuluka mu 2012, chifukwa muli chithunzi cha kumeta ndi lumo lotere. Ofuna anachuluka, koma malumo akale sangasulidwenso.

Kukula kwa chitsulo kumayezedwa m'magawo asanu ndi atatu a inchi. Malumo a 5/8 ndiwo ofala. A 7/8 ndi 8/8 anasulidwa ochepa, choncho amadula. Odulanso ndi malumo asanu ndi awiri a m'bokosi limodzi, lililonse litalembedwa tsiku la sabata pamsana pake, amene ankagulidwa ndi anthu olemera. Bokosi likasowa lumo limodzi, mtengo umatsika kwambiri.

Komabe chimene chimagamula mtengo kuposa zonse ndi mmene lumo lasungikira. Kunola kulikonse kumadya chitsulo. Lumo limene lanoledwa kwa zaka makumi asanu limaphwatalala pamsana ndipo mbali yakuthwa imapindika, ndiye wodziwa amaona msanga. Kamng'alu kakang'ono pa chitsulo kamathetseratu mtengo. Dzimbiri lapamwamba limachoka, koma limene laboola timaenje pafupi ndi kuthwa silichiritsika. Chinyezi cha ku Zomba, makamaka kumtunda kwa phiri kumene nkhungu imakhalitsa, ndi mdani wa chitsulo chotere. Palinso mdani wina wobisika. Zigwiriro zambiri zinapangidwa ndi celluloid, pulasitiki yoyambirira, imene ikayamba kuwola imatulutsa mpweya wodya chitsulo, ndipo lumo limodzi lotero limawononga anzake onse a m'bokosimo. Cholakwa chofala n'chakuti munthu akapeza lumo lakale amalikwecha ndi sandipepa kapena kulinola pa tupa kuti liwale. Akatero amafafaniza zolemba zimene zikanalipatsa mtengo. Kulipukuta ndi nsalu youma ndi kulipaka mafuta pang'ono n'kokwanira.

Mbiri ya mwini wake imatha kuposa zonsezi. Lumo wamba limene lili ndi dzina lozokotedwa, kalata kapena chithunzi chotsimikiza kuti linali la msilikali wakutiwakuti limakopa osonkhanitsa zinthu zankhondo. Nkhani yapakamwa yokha ogula saikhulupirira. Apa Zomba ili ndi mwayi, popeza National Archives of Malawi, kumene kumasungidwa zikalata za boma la atsamunda, ili mumzinda momwemo.

Chigwiriro cha mnyanga

Malumo apamwamba ankakhala ndi zigwiriro za mnyanga wa njovu kapena chigoba cha kamba wam'nyanja, pamene wamba ankakhala ndi nyanga ya ng'ombe, fupa kapena mtengo. Fupa limaoneka ndi timadontho takuda ting'onoting'ono, koma mnyanga ndi wosalala, wokhala ndi timizere topyapyala. Kale mnyanga unkakweza mtengo, koma lero umabweretsa mlandu. Pangano la CITES linaletsa malonda a minyanga pakati pa mayiko mu 1989, msika wa eBay unaletsa zinthu za mnyanga mu 2009, ndipo Britain inakhwimitsa lamulo lake mu 2022. Kuno kwathu lamulo loteteza nyama zakutchire, monga linakonzedwera mu 2017, limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa wopezeka ndi minyanga kapena wogulitsa popanda chilolezo. Amene ali ndi lumo lotere afunse kaye ku nthambi yoona za nyama zakutchire asanaganize zolitumiza kunja kapena kuligulitsa kwa mlendo wokwera phiri.

Lumo la makolo

Mawu akuti lumo sanabwere ndi azungu. Osula zitsulo a kuno ankasula malumo awo, tizitsulo tating'ono tophwatalala, tometera tsitsi pa mwambo wa kumeta maliro ndi pa chinamwali, komanso totemera mphini. Malumo amenewa alibe dzina la fakitale kapena chaka, choncho msika wa ku London kapena New York sudziwa kuwaika mtengo, ngakhale kuti ndi osowa kuposa a Sheffield. Lezala itafika m'magolosale, anthu anangowasiya, ndipo ambiri anathera m'nthaka. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale zofunika pa mbiri ya dziko ndipo sililola kuzitulutsa popanda chilolezo. Banja limene lili ndi lumo losulidwa ndi makolo lingalionetse kwa akatswiri a ku Museum of Malawi ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, litalemba dzina la mudzi kumene linachokera ndi la amene ankaligwiritsa ntchito.