Zimene ndinaphunzira ku Mua pokonza database ya magemu

Semesita yathayi tinapatsidwa ntchito yokonza database yosunga mndandanda wa magemu a pakompyuta. Ndinkaiona yapafupi: tebulo limodzi lokhala ndi dzina la gemu, chaka ndi kampani, basi. Ndinakakamira pa PES. Gemu yomweyi ku Japan inkatchedwa Winning Eleven, ndipo mu 2021 a Konami anaisintha dzina n'kukhala eFootball. Kodi ndilembe gemu imodzi kapena zitatu? Yankho ndinakalipeza patchuthi ku Mua Mishoni, kumunsi kwa mapiri a Dedza, kumene anthu analimbana ndi funso lotere kalekale.

Mishoni ya Mua inatsegulidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers. M'zaka za m'ma 1920 ansembewa anali pa mkangano waukulu ndi a Nyau. Mpingo unkaletsa Akhristu kupita kudambwe, pamene a Nyau ankakokera anyamata kuchoka kusukulu za mishoni. Ian Linden analemba mbiri ya mkanganowu m'buku lake la mu 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa m'dziko la Nyasaland. Gule sanagonje. Anayankha ndi zilombo zonga Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, komanso Maliya, amene dzina lake linachokera kutchalitchi komweko.

Chodabwitsa n'chakuti pamalo omwewo, mu 1976, wansembe wina wa chipani chomwecho, Bambo Claude Boucher a ku Canada, anayambitsa Kungoni Centre of Culture and Art. Anafika m'Malawi mu 1967, ndipo anthu anawapatsa mfunda wa Chisale. Kwa zaka zambiri anayenda m'midzi, kuonera magule, kujambula ndi kulemba nyimbo ndi matanthauzo ake. Lero m'nyumba ya Chamare muli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400, ndipo mu 2012 munatuluka buku lawo lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance.

Nditaima m'chipinda cha Gule ndinazindikira pamene ndinkalakwitsa. Chadzunda si chigoba chimodzi chopachikidwa apo. Ndi nkhalamba, tate wa zilombo, ndipo amatuluka ku Mtakataka, ku Golomoti, ku Lilongwe, m'zigoba zosemedwa ndi manja osiyanasiyana. Chilombo chimodzi chimatha kukhala ndi mayina angapo malinga ndi dera, nyimbo zingapo, ndipo chimavinidwa pamaliro, pachinamwali kapena polonga mfumu. Kasiya Maliro ndiye alibe n'chigoba chomwe, ndi chinyama chachikulu cholukidwa chooneka ngati mphalapala. Munthu akati aunjike zonsezi mu tebulo limodzi, ataya theka la nkhaniyo.

Edgar Codd wa ku IBM anafotokoza njira yake mu 1970: chinthu chilichonse chikhale ndi tebulo lake, kenako matebulowo alumikizidwe ndi nambala. Nditabwerera ndinachita zomwezo. Gemu ndinaipatsa tebulo lake. Mayina ake ndinawaika padera, lililonse ndi dziko ndi chaka. Kutuluka kwake pa PlayStation, pa kompyuta kapena pafoni kunapitanso padera, monga chigoba chimasiyanira ndi chilombo chimene chikuimira. PES inakhala pamalo pake.

Komabe pali funso limene mbiri ya Mua imadzutsa, lomwe m'kalasi sitinalikambe. Kampani ya magemu imafuna kuti aliyense adziwe zonse za gemu yake. Gule ali ndi zinsinsi za kudambwe zimene wosameta sayenera kumva. UNESCO inalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, koma eni ake akadali mafumu ndi akuluakulu a kudambwe ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Kale ansembe ankafuna kumufafaniza. Ife a makompyuta tikhoza kumuvulaza mwa njira ina, poika pa intaneti zonse zimene tatola, popanda kufunsa.

Maganizo anga ndi akuti aliyense wa ife amene adzapatsidwe ntchito yosunga za chikhalidwe aike gawo lolemba amene anapereka nkhaniyo, mudzi wake, ndi amene akuloledwa kuiwerenga. Gawo limeneli adzaze ndi eni ake, osati wokonza database. Mu ntchito yanga ya magemu gawolo silinafunike, koma ndinalisiya momwemo, ndipo aphunzitsi atafunsa chifukwa chake ndinawafotokozera za Mua.